Wophwetsa Matayala a Edmond

Lachitatu madzulo, Edmond atabwera kuchokera ku ntchito, anapeza matayala onse anayi atafewanso. Sanaphwe mpaka pansi, ayi. Anangofewa ngati mapapaya akupsa. Aka kanali kachitatu.

Njingayo inali yamoto, ya matayala anayi onenepa, yoyendera m'mafamu. Anaigula motchipa kwa mlimi wina wa ku Makeni amene ankasamuka, chaka chija cha 1988 pamene sopo ankapezeka ndi mzere. Edmond anali kalaliki wamba m'tauni, ndipo galimoto ankangoilota. Koma iyi inali ndi matayala anayi, choncho mumtima mwake inali mng'ono wake wa galimoto.

Anaiimika kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi ku Kabwata, n'kumailera ngati khanda. Anasintha oyilo. Anapala pulagi. Anakoka tcheni mpaka chinayamba kulira, kenako anachimasula mpaka chinagwa. Kabuku ka malangizo kanalipo, koma mbuzi za pafamu zinali zitadya theka lake.

Za matayala zokha ndiye ankati palibe womuphunzitsa. Anakulira pa njinga yakapalasa ku Katete, kumene aliyense amadziwa kuti tayala labwino ndi lolimba, loti ukaligogoda limalira. M'mawa uliwonse ankapopa mpaka malaya kunyowa, matayala n'kulimba gwa ngati mwala. Madzulo, pofika, afewa.

Thukuta lonseli linali la Febby, mtsikana amene anali atangobwera kudzakhala ndi azakhali ake m'nyumba yoyandikana ndi ya Edmond. Ankaimba kwaya kutchalitchi, ndipo akaseka ankabisa pakamwa. Madzulo ankaima pampanda, Edmond n'kumamufotokozera za injini, zinthu zimene iyenso anali atangozimva dzulo lake. Febby ankangoluma mlomo. Anali atavomera kuti Lamlungu, Misa ikatha, adzakwera kumbuyo mpaka ku Kabulonga kukaona majakaranda atachita maluwa. Pansi pa mitengo imeneyo ndi pamene Edmond anakonza zokamufunsira ukwati. Munthu angafunsire bwanji atabwera pa matayala ophwa?

Wolakwa ankamudziwa. Anali Killian, woimba besi mu kwaya yomweyo, wa tsitsi lonyezimira mafuta, amene ankadutsa pamsewu wawo katatu patsiku popanda chifukwa chomveka. Ndani winanso akanapindula ulendo wa Lamlungu utalephereka?

Lachinayi anakumana naye pageti.

"Ba Killian," anatero Edmond ndi mawu otsika ngati wapolisi wa m'kanema, "munthu wansanje amafa na kuyonda."

"Bwanji iwe? Ukamba na ine?" anafunsa Killian, maso ali tong'o.

Kudabwa kumeneko kunamukwanira Edmond. Anthu olakwa okha ndi amene amadziwa kudabwa bwino chotero.

Lachisanu anatumiza uthenga ku ofesi kuti wagwidwa ndi malungo. Anapopa matayala kuposa masiku onse, anatuluka pageti akuimba mluzu kuti msewu wonse umuone, kenako anazungulira kanjira ka kumbuyo n'kudzipanikiza m'khola lakale la nkhuku la eni nyumba. Pampu anaigwira ngati chibonga.

Linali dzuwa la Okutobala. Malata a kholalo anatentha, utitiri unapeza mlendo, ndipo mwendo wake wamanzere unachita dzanzi. Koma Edmond anapirira. M'maganizo mwake ankadziona atagwira Killian pakhosi, anthu a Kabwata atasonkhana, Febby akulira ndi chimwemwe paphewa pake. Anakonzanso ngakhale mawu oti adzanene pomukhululukira mdaniyo, chifukwa akazi amakonda mwamuna wachifundo.

Cha m'ma 11 koloko anamva mapazi. Anali opepuka, oyenda mosamala. Kenako kunali zii. Kenako, pssssss.

Edmond anavumbuluka. Mutu unagunda pamwamba pa chitseko, mwendo wadzanzi unakana, ndipo anafika panjingapo chokwawa, nthenga zili m'tsitsi.

"Nakugwila lelo!"

Amene anatembenuka sanali Killian. Anali Febby, atanjuta pafupi ndi tayala lakutsogolo, chitenje atachipinda bwino m'maondo, kamtengo ka machesi kali pavalavu.

Pampu inagwa yokha. Edmond anamuyang'anitsitsa. Ndiye kuima konse kuja pampanda kunali kuzonda? Kuluma mlomo kuja kunali kumuseka? Anaona majakaranda onse a ku Kabulonga akuyoyoka tsiku limodzi.

"Febby," anatero Edmond, "Killian ndiye wakutuma? Ngati sufuna kukwela na ine, ukananiuza chabe."

Mtsikanayo sanaimirire n'komwe. Anadina tayala ndi chala chachikulu, anapukusa mutu, n'kutulutsanso kampweya pang'ono. Atakhutira, anabwezera kachivindikiro pavalavu.

"Ba Edmond, aya si matayala a njinga yochova. Afuna mphepo ing'ono chabe. Mukawalimbitsa so, pakona yoyamba tizagwela mu ngalande." Anamuchotsa nthenga imodzi pamutu. "Iyi njinga naiyendetsa zaka zitatu pafamu paja munaigula. Nenze chabe kuopa kukuchititsani manyazi. Manje lekani kupopa. Sinifuna kukhala wamasiye nikalibe kukwatiwa."