Palafini wa aMiti

Panali munthu wina ku Petauke nthawi ya Chitaganya, dzina lake Eustace Miti. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. AMiti anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala akuthandiza madokotala, ndipo dzanja lawo linali lopepuka. Akabaya jekeseni, mwana ankayamba kulira singano itatuluka kale.

Tsiku lina anauza mnzawo wa pantchito, aSakala, kuti akusiya ntchito kuti akatsegule kachipatala kawokawo ku Nyimba.

"Anthu kuja ayenda mtunda wautali kufuna mankhwala. Aliyense akandipatsa sheleni imodzi, ndalemela."

ASakala anapukusa mutu. "AMiti, kuno mubaya chabe. Thonje mulipeza patebulo, pulayimasi yowilitsila singano muipeza yoyaka kale. Kuja zonsezo mudzagula ndinu, ngakhale tsiku losabwela wodwala. Yambani mwasunga ndalama."

"Mantha anuwo ndiwo akukalambitsilani pa ntchito ya eni," anatero aMiti akuseka.

Anapita ku Nyimba ndi mkazi wawo Consolata ndi kamwana kawo Sophia, nachita lendi chipinda kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi msewu waukulu. Odwala anabweradi. Koma ambiri ankalipira ndi nkhuku kapena nshawa, ena ankangoti, "Tidzapeleka tikakolola." Mwini chipinda nkhuku sankazifuna. Ogulitsa mankhwala ku Fort Jameson nshawa sankalandira. Wa lole yobweretsa mankhwalawo ankafuna ndalama pamanja, mayi wotunga madzi ndi kuchapa nsalu chimodzimodzi.

AMiti anayamba kudula apa ndi apo. Mayi wa madzi anamuchotsa, ntchito yake n'kuitenga Consolata. Thonje ankaligawa pawiri. Kenaka anafika pa palafini.

Poyamba pulayimasi inkayaka tsiku lonse, ndipo singano iliyonse inkawira mupoto isanakhudze munthu wina. Tsopano aMiti ankawiritsa singano m'mawa mokha, n'kuzimitsa moto. Akabaya munthu ankangotsukuluza singanoyo m'madzi a mupoto omwewo.

Consolata anaziona. "Atate ake Sophia, madzi aja azizila. Si ndinu munandiphunzitsa kuti singano yosawilitsa ipatsila matenda?"

"Palafini udzagula ndiwe? Botolo ili lifike Loweluka. Ukafuna, yatsa nkhuku zija."

Dzinja litafika, ana ambiri anadwala chifuwa. Amayi ankakana mapilisi, ati sagwira msanga, onse ankafuna jekeseni. Benchi inkadzaza kuyambira m'mawa.

Masana ena kunabwera mayi wina wa kumidzi, dzina lake Agness, ndi mwana wake Jethro wa zaka ziwiri. AMiti anavuula singano m'madzi ozizira aja, nabaya mwanayo pathako. Kunja kunali mvula, choncho Agness anabereka mwana wake nakhala pabenchi pamodzi ndi amayi ena kudikira kuti ikate.

Nthawi yomweyo Consolata analowa akuthamanga, Sophia ali m'manja. Mwanayo thupi linali moto, akupuma movutika.

"Atate ake Sophia, mubayeni msanga!"

AMiti anapisa dzanja mupoto n'kutenga singano. Anaiyang'ana, nayang'ana mwana wawo. Kenaka anaibweza mupoto, nakoka pulayimasi pansi pa tebulo, naipopa n'kuiyatsa. M'chipindamo munangomveka mkokomo wa motowo.

Agness anafunsa mwaulemu, "Bambo, motowo ndi wa tiyi?"

"Iyai, ndiwilitse singano."

"Kansi iwilitsidwa? Nanga ija mwabaya nayo Jethro inawila liti?"

AMiti anangopitiriza kupopa pulayimasi. Consolata anawerama.

"Ndafunsa, bambo. Nkhuku yanga mwalandila. Wanuyo ndiye mwana, wangayu ndi mbuzi?"

Amayi ena amene ana awo anali asanabayidwe anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, n'kutuluka mvula ikugwabe. Amene ana awo anali atabayidwa kale anangokhala, akusisita pamene singano inalowa.

Sabata isanathe, thako la Jethro linatupa n'kuchita mafinya, ndipo mwendo sankafuna kuti munthu aukhudze. Agness sanabwererenso kwa aMiti. Anaima pamsewu mpaka lole ina inawatenga kupita ku Petauke. Amene anawalandira pachipatala anali aSakala. Ataona chotupacho anangofunsa funso limodzi.

"Amai, mwachokela ku Nyimba?"

Madokotala anachita zimene akanatha, ndipo Jethro sanafe. Koma mafinya anali atafika pafupa la m'chiuno, moti anakula akutsimphina mpaka ukalamba wake. Ana enanso angapo anatupa. Benchi ya aMiti inakhala yopanda munthu, lendi inawakanika, mwini chipinda n'kuika loko pachitseko. Pulayimasi ija anaigulitsa kuti apeze ndalama ya basi.

Sophia yekha anachira bwinobwino, chifukwa singano yake inawira.

Phunziro: Inu ofuna kutsegula chipatala chanuchanu, musamangowerenga odwala amene adzabwere. Lendi, madzi, moto, thonje ndi malipiro a antchito zimadya ndalama tsiku lililonse, odwala abwere asabwere. Mverani amene anaziona kale. Ngati ndalama sizikukwana, ndi bwino kutseka chitseko kusiyana ndi kudula pa chinthu chimene simungalole kuti chidulidwe pa mwana wanu. Ndipo ife makolo tisamachite manyazi. Funsani ngati singano ndi yatsopano, ndipo aitsegule inu mukuona, chifukwa mwendo wa mwana sagula m'sitolo. Tumizirani nkhaniyi makolo anzanu, makamaka amene ali ndi ana aang'ono, asanapite nawo kukabayitsa.