Mazira a Nkhasi Yotsala Yokha

"Musawatembenuze, bwana," anatero mlonda wa kumtsinje.

Mkulu wa bungwe loteteza nyama sanamuyang'ane n'komwe. Anagwada pambali pa bokosi la mchenga, maso ali kwa wojambula. M'bokosimo munali mazira makumi atatu a nkhasi yaikulu ya chigoba chofewa, yaikazi yokhayo yotsala mumtsinjemo. Mlonda anali atawafukula madzi asanasefukire, n'kuika kadontho ka makala pamwamba pa lililonse.

"Makalawa akuipitsa chithunzi," anatero mkuluyo, akupukuta dzira ndi mpango uku akulizunguza m'manja.

"Dzira la nkhasi likatembenuka, kamwana kamafera m'kati, bwana."

"Madala, ine ndili ndi nkhuku zikwi ziwiri. Dzira limafuna kutembenuzidwa. Sukulu munalekezera pati inu?"

Wojambula anaseka. Mkuluyo anawapukuta onse, mpaka anayera mbee.

Patatha miyezi iwiri, palibe dzira lomwe linaswa. Lipoti la bungwe linati vuto ndi umbuli wa alonda, choncho mlonda uja anamuitanira ku maphunziro a masiku atatu kuhotela.

Wophunzitsa anali mkulu yemwe uja. Anakonza tayi, nawerenga lamulo loyamba papepala lomwe akatswiri anamutumizira: "Dzira la nkhasi satembenuza. Mwamva, madala? Kapena ndibwereze pang'onopang'ono?"

"Ndamva, bwana."

Mlonda anaweramira pepala lomwe anamugawira, lofanana ndi la bwana. Pamwamba pa lamulolo panali chithunzi cha bwana akumwetulira, dzira loyera bwino lili m'manja.