Mluzu wa Nyani

Padangokhala Bulu, wophunzitsa akavalo. Nyani anamubweretsera kavalo wake wolusa. Bulu anakhetsa thukuta mpaka kavaloyo anadziwa kuti akamva mluzu aziima.

Tsiku la mpikisano Nyani ali patsogolo, chimwemwe chinamukwera, naimba mluzu. Kavalo anaima njii, Nyani pansi khuu!

"Achimwene, mwamuphunzitsa ulesi! Mluzu ukhale wothamangira!"

Bulu anayambiranso, osadya, osapuma. Atamaliza, Nyani anakwera, naona mkazi wake kutsidya kwa mtsinje. Anamuitana ndi mluzu. Kavalo liwiro, Nyani m'madzi chubwi!

"Achimwene, sinthaninso!"

Bulu anangomuyang'ana. Sanasunthe.

Mpaka lero, muimbireni mluzu, mukalipireni, bulu amangoima chilili. Si mwano ayi. Anatopa kalekale.