Mzere wa Patsamba Loyamba

Foni inanjenjemeranso patebulo. Mayiyo sanaitole msanga. Anali mkati mochotsa mipata imene mwini buku anaimwaza paliponse, ngati ankamenya batani lalitali la pakompyuta lija pofuna kupha nyerere.

Ntchito yake inali imeneyi: kutenga zolemba za anthu pakompyuta n'kuzisandutsa mabuku owerengera pa kachipangizo ka m'manja. M'kachipangizomo tsamba silikhazikika. Wowerenga akakulitsa zilembo, mizere imasefukira kutsogolo, ndipo chilichonse chimene wolemba anachikankha ndi mipata chimagwa. Choncho iye ankamasula zonse n'kumanganso, mitu payokha, ndime pazokha.

Kenako anaitola foni ija. Unali uthenga wa mwini buku.

"Mwafika pati? Ndikufuna lituluke lero."

"Latsala pang'ono," anayankha.

Olemba onse ndi amodzimodzi. Buku amakhala nalo zaka, koma tsiku lomaliza amafuna liuluke. Uyu ndiye anali wovuta kuposa onse. Chikuto anali atachisintha kangapo. Zithunzi anatumiza zolemera, moti mayiyo anachita kuzichepetsa chimodzichimodzi. Tiyi anazizira m'kapu. Ntchentche inagweramo, iye n'kungoiyang'ana ikupalasa.

Uthenga wina unalowa.

"Patsamba loyamba paja musinthe. Mufufute zimene zilipozo, muike izi."

Anabwerera kumayambiriro kwa buku. Pakati pa tsamba panali mzere umodzi wokha: Kwa mkazi wanga, amene wandipirira zaka zonsezi. Anaukuta wonse ndi mausi, nadina batani. Tsamba linayera mbee. Anakoperapo mawu atsopano aja: Kwa iwe, amene wandiphunzitsa kusekanso. Chilembo chimodzi chinali cholakwika. Anachikonza. Mzerewo anaupendeketsa n'kuukhazika pakatikati, monga unalili woyamba uja.

Sanafunse kanthu. Pantchito imeneyi anali ataonapo zambiri. Wina anachotsapo mayi ake omubereka n'kuikapo abwana ake. Wina anachotsa m'bale wake m'mawa, madzulo n'kumubwezeretsa. Wokonza buku safunsa, amangoona kuti mzere wakhala bwino.

Anasandutsa zolemba zija kukhala buku n'kulitumiza m'kachipangizo kake koyesera, kong'aluka pakona. Anadina mutu uliwonse pamndandanda, ndipo uliwonse unamufikitsa pamalo pake. Anakulitsa zilembo mpaka mawu atatu kudzaza galasi lonse, nazichepetsanso. Kachipangizoko anakagoneka chopingasa. Mzere watsopano uja sunasunthe. Panalibe chogwa.

"Latha," analemba motero, natumiza. Manja anawasiya pomwepo patebulo.

Kuseri kwa khoma foni inalira. Patapita kanthawi chitseko cha kuchipinda chogona chinatseguka, ndipo mwini buku anatulukira akukoka sutikesi. Makiyi a nyumba anawaika pambali pa kompyuta.

"Zikomo, amake mwana," anatero osamuyang'ana. "Mwanayu mumuuza ndinu akaweruka kusukulu, kapena ndidzamuuze ndekha Lamlungu?"