Ngongole ya nambala 417

"Fufutani mzere uwu," anatero a Justice, mkulu watsopano wa zachuma pa esiteti ya tiyi, akuloza balansi shiti pakompyuta ya Debora. "Mbali iyi ndi katundu wa kampani, inayi ndi ngongole zake. Ngongole yoti mwini wake sakubwera zaka makumi awiri si ngongolenso."

"Ndiye ipita kuti, bwana?"

"Isanduka phindu."

Debora, kalaliki wa maakaunti, sankafufuta chinthu asanachione ndi maso. Anakafukula faelo yakale ya ngongoleyo, yonunkha chinyontho. Chinali chipukutamisozi cha wothyola tiyi amene anagundidwa ndi thalakita mu 2004. Analembedwa kuti Philip, koma m'mphepete munali mawu a pensulo: "Dzina lobwereka. Abale sanapezeke. Taika kumanda a esiteti."

Debora sanadabwe, poti kale ambiri ankalowa ntchito pa dzina la mnzawo. Kenako anaona nambala ya munthuyo: 417.

Nambalayo ankaidziwa. Matikiti akusikelo yoyezera tiyi amene amayi ake amasunga m'Baibulo ku Khonjeni, onse ali ndi 417. Anali a bambo ake, a Andreya, amene anapita kuntchito m'mawa wina osabwerako. Amayi atakafunsa, anauzidwa kuti m'mabuku mulibe Andreya. Mudzi wonse unati anathawa ndi mkazi wina, ndipo Debora anakula osafuna kumva dzina lawo.

A Justice anasuzumira pakhomo. "Mwafufuta?"

"Ayi, bwana," anayankha Debora osadzutsa mutu. "Mwini wake wabwera."