Nyimbo ya Maliro Imene Inavinidwa M'mabala

Panali bambo wina wokonza mafoni, ndipo amene anandiuza nkhaniyi ankakhala naye moyandikana nyumba. Bamboyu ankalakalaka atakhala wojambula nyimbo. Zida zatsopano sakanazikwanitsa, ndiye anagula laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi mahedifoni omveka khutu limodzi. Anatulutsa zidebe ndi makasu m'kachipinda ka kuseri, n'kukhoma mabulangete ndi matileyi a mazira m'makoma kuti mawu asamabwerere. Kajambulidwe ankaphunzira pa mavidiyo a pafoni.

Situdiyo inatha, koma oimba sankabwera. Ndani angapereke nyimbo yake kwa munthu wongoyamba kumene?

Bamboyu anali ndi mlongo wake, telala, amene mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira ali ndi zaka zitatu. Mayiyu sankalira pagulu. Akamapalasa makina ankangoimba kanyimbo kopeka yekha, koitana mwanayo ndi dzina lake: "Dzuka, kwacha, nsapato zako zili pakhomo."

Tsiku lina mchimwene wakeyo anamumva.

"Chemwali, bwera ndidzayesere zida zanga pa iwe."

"Achimwene, nyimbo imeneyi si ya anthu. Ndi ya ine ndi mwana wanga."

"Aimve ndani? Ndikuikira pafoni yako, uzimvera wekha."

Mayiyu anavomera. Anaimba bwino, koma atafika pa dzina la mwana mawu anakanika, n'kuyamba kulira. Mchimwene wake sanathimitse makina ojambulira.

"Bwereza pamene unalirapo," anatero. "Pamveka bwino kwambiri."

Patatha sabata mayiyu anafunsa za nyimbo yake.

"Inakanika. Mawu ako akumveka ngati chitseko cha dzimbiri. Iwe uzingosoka basi."

Linali bodza. Mtsikana wina woimba m'mabala anali atabweretsa foni yake kudzakonzetsa, ndipo anaimva nyimboyo ikulira pa laputopu.

"Ndipatseni ine imeneyi," anatero. "Dzina lanu lidzamveka pa wailesi iliyonse."

Mkazi wa bamboyu atamva anamuitanira pambali. "Bambo, nyimbo ija ndi maliro a mwana wa mlongo wanu. Pemphani kaye alamu."

"Wakufa samvera wailesi. Ukufuna ndife ndikumata magalasi a mafoni?"

Bamboyo anaithamangitsa nyimboyo, anaikamo ng'oma zovinira, anachotsa dzina la mwana n'kuikapo "chibwenzi", mtsikana uja n'kuiimba. Tsopano inali nyimbo ya mkazi amene akuthamangitsa mwamuna wogonera: dzuka, kwacha, nsapato zako zili pakhomo. Mawu a mlongo wake anawafufutiratu kuti pasakhale umboni.

Nyimbo inagwira moto. M'mabala, m'mashopu, m'malo ometera, paliponse inali yomweyo. Telala uja anaimva ali m'minibasi popita kukagula nsalu. Kondakitala ankaimba nawo akumenya chitseko, anthu akuseka. Mayi wina amene anakhala naye mpando umodzi anamugunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Amuna amenewa ndi ofunika kuwatero, eti asisi?"

Telala uja anatsika asanafike. Anabwerera wapansi, anafunditsa makina ake nsalu, n'kusamukira kwa amayi ake.

Bambo uja anadikira kuti amve dzina lake. M'malo mwake anamva mtsikanayo pa wailesi akunena kuti nyimboyo anachita kuilota. Anali atakaijambulanso ku situdiyo yaikulu. Atamuimbira foni, mtsikanayo anayankha akutafuna chingamu.

"Ndani kodi? Oo, a mafoni aja! Foni ija ikugwira bwino, zikomo." Anadula, ndipo nambalayo sinalowenso.

Anthu odziwa malamulo anamuuza kuti popanda mwini wake amene anaipeka, mlandu palibe. Choncho anavala shati yoyera n'kupita kwa amayi ake. Anawapeza ali pakhonde ndi mlongo wakeyo, amene anali ataonda ngati wadwala chaka chonse.

"Chemwali, atibera," anayamba. "Tiye ukachitire umboni kuti nyimboyo ndi yathu. Tipindula tonse."

Mlongo wake sanamuyang'ane n'komwe. Amene anayankha ndi amayi.

"Yanu? Chabwino. Ndimuperekeza ndekha. Koma uyambe wandiuza, dzina limene unachotsa lija linali ndani?"

Bamboyo anayasama. Anakanda m'mutu. Mwanayo anamunyamulapo, kumanda anapita, nyimboyo anaimvera maulendo osawerengeka poikonza. Dzina silinabwere. Kenaka anatchula lina, la mwana wa anansi.

Mlongo wake anaseka. Aka kanali koyamba kuseka chimwalirireni mwana. Anaseka mpaka anagwa pampando, amayi n'kumugwira.

"Ine ndinabala mwana mmodzi," anatero amayi, "ndi uyu ndamugwirayu. Dzipitani, bambo."

Nkhani inafalikira. Achinyamata awiri amene anali atayamba kubwera ku situdiyo ija anasiya, makasitomala a mafoni nawonso anayamba kupita kwina. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo, akuti sangagone m'nyumba imodzi ndi munthu wovinitsa maliro. Amayi a bamboyo atamwalira chaka chotsatira, iye anamva kwa anthu a m'njira, maliro ataikidwa kale. Mlongo wake ali moyo, koma mpaka lero saimba, ngakhale kutchalitchi.

Phunziro: Kuyamba ndi zida zosauka si manyazi, manyazi ndi kukwera pamsana pa m'bale wako amene ali pa chisoni. Chimene munthu wakupatsa chifukwa chokukhulupirira si chako, usachipereke kwa mlendo chifukwa wakulonjeza kutchuka. Mlendoyo adzakuiwala mawa, koma abale sadzaiwala. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa ena, makamaka amene akuthamangira dzina.