Ndege Yopanda Injini

"Mutsitseni mwana wanga pompano!" adakuwa Mayi Thwaite, atagwira malaya a Bambo Hallam, mphunzitsi wa ana asukulu ophunzira zausilikali ndi kuulutsa ndege.

"Pepani mayi, ndegeyo ilibe injini. Chingwe chikangoiponya m'mwamba, amaitsitsa ndi amene ali m'katimo."

"Nanga wamkulu m'katimo ndani?"

"Muli Bryony yekha. Lero n'koyamba kuuluka payekha."

Mayi Thwaite adasiya malaya aja. Amuna awo adawaika m'manda bokosi lili lotseka, ndege yankhondo itagwa nawo, ndipo mwana ndi yekhayu, wa zaka 16. Adamulola kulowa gululi poyesa kuti n'zoguba ndi kupukuta nsapato basi.

"Anthu ouma mtima inu! Wanu ali kunyumba akudya tchipisi, wanga mwakamukoleka kumitambo ngati kaiti!"

Adatsomphola wailesi yolankhulirana ndi woyendetsa ndege m'manja mwa mphunzitsiyo.

"Iwe Bryony! Utsike msanga, ndipo ukatsika undiona! Ukundimva?"

Wailesi idasokosera pang'ono, kenaka mudamveka mawu odekha, omwe mtsikanayo amalamulira nawo anzake pa perete.

"Ndakumvani, amayi. Bwezani wailesiyo kwa aphunzitsi, ndipo muchoke pamene mwaimapo. Ndi pomwe ndikudzatera."

Mayi Thwaite adayang'ana udzu wometedwa umene adapondapo, n'kuyang'ananso kadontho koyera kakukhota kumwamba. Adabweza wailesi ija. Adayenda chafutambuyo mpaka kumpanda, nagwira waya ndi manja onse awiri.